Mimba ya Ndege ya Mlamu Wanga

Nkhondo itatha, nditavula zovala za tropa, ndiye kuti za usilikali, sindinalunjike kwathu ku Chipera. Ndinayamba ndapita kumudzi kwa mkazi wanga, pafupi ndi Fingoe, ngakhale ndinkadziwa kuti sindikampeza. Iye anamwalira ku kampu ya othawa nkhondo ku Zambia ine ndili kutali, ndipo uthenga unandipeza patapita miyezi. Ndinapita kuti akuchikazi akandisudzule mwamwambo, kenaka ndizipita kwathu. Koma ndinapeza apongozi anga, amayi ake a malemuyo, akugona pansi pa pulasitiki wa ku kampu, pakati pa zipupa zopanda denga. Ana awo anali awiri okha, ndipo onse anali atapita. Ndinati ndiyambe ndafolera nyumbayo, za kusudzulana tidzakamba pambuyo.

Mwana wawo winayo anali mlamu wanga. Tinatengedwa kutropa chaka chimodzi, ndipo tonse tinaphunzira umakaniko wa ndege m'gulu limodzi, eskwadra ya ndege zonyamula katundu. Ine ndinali wa pansi, womanga ndi kumasula. Iye anali wouluka nayo, womvetsera kulira kwa motori ali m'mwamba. Tsiku lina ndege yawo inanyamuka m'mawa ndi anthu asanu, ine ndemwe nditachotsa matabwa otchinga magudumu, ndipo sinabwerere. Palibe mtembo umene unapezeka.

Chaka chimene ndinafika kwa apongoziwo, anthu obwerera kuchokera ku kampu anali kumanganso kapela, katchalitchi ka m'mudzimo. Anagwirizana kuti pa tsiku lokumbukira mizimu ya omwalira, kumayambiriro kwa Novembala, aliyense amene anafera kutchire kapena kunja opanda manda adzamuikira mtanda kuseri kwa kapela, ndipo akatekisita adzatchula dzina lake. Dzina la mkazi wanga analilandira. La mlamu wanga analikana.

Chifukwa chake ndinachimva kwa akatekisita, atandiitanira pambali. Mlamu wanga anabwerako kamodzi kudzacheza nkhondo isanakule. Anali munthu wa nthabwala, ndipo anauza ana a m'mudzimo kuti, "Mukadzamva ndege ikudutsa, mudzatuluke mudzandibayibitse, ameneyo ndine." Patapita nthawi ndege inabweradi. Ana anatuluka akuthamanga, manja ali m'mwamba. Ndegeyo inaponya moto. Mwa amene anafa munali ana awiri a amisiri omwe tsopano ankatsogolera ntchito yomanga kapelayo.

Amisiriwo anali munthu wowongoka, wosamwa, wosaba njerwa ngakhale imodzi. Sindinawaone ngati mdani, ndipo mpaka lero sindiwaona choncho. Ndinapita kwa iwo ali pa katawala akumanga chipupa, ndinavula chipewa, ndi kuwafotokozera kuti ndege zathu zinalibe mfuti, zinali ngolo chabe za m'mwamba.

"A mekaniku," anatero osatembenuka, "inu ndi mlamu wake. Mukanati chiyani? Ndipatsireni dothi ilo."

Ndinawapatsira dothilo. Ndinagwira nawo ntchito mpaka masana, koma nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Apongozi sanadandaule pamaso pa anthu. Koma ndinkawaona Lamulungu akukhala kumapeto kwenikweni, kunja kwa mthunzi, ngati mlendo pa mpingo umene anabatizidwiramo. Ndinapemphera kolona masiku angapo ndikufunsa chochita. Pakamwa panga mpolemera, ndinabadwa choncho. Chimene ndili nacho ndi manja.

Ndinakumbukira kuti mkulu wa eskwadra yathu anali ndi kandege ka pulasitiki pa tebulo pake. Kanabwera kuchokera kunja m'kabokosi, zidutswazidutswa, iye n'kukalumikiza ndi guluu. Kanali kofanana ndi yeniyeni mwakuti alendo ankati akakaona, ankailoza yaikuluyo pabwalo osalakwitsa. Ndinati mumtima, anthu awa anaiona ndege imene inawawotcha. Ndikawaonetsa ya mlamu wanga, maso awo omwe adzaweruza.

Kabokosi kotero ndinalibe. Ndinali ndi zitini za mafuta ophikira zomwe anthu anabwera nazo ku kampu, masipoko a njinga, lumo la malata, ndi chitsulo chowotcherera chomwe ndinkakonzera ndowa za anthu. Pulani inali m'miyendo mwanga. Ndegeyo ndinaizungulira m'mawa uliwonse kwa zaka, ndipo ndinkadziwa mapazi ake kuchokera kumphuno kukafika kumchira, ndi kuchokera kunsonga ya phiko kukafika kunsonga inayo. Ndinaika lamulo lakuti phazi limodzi likhale mulifupi mwa chala changa chachikulu. Ndinajambula pa dothi, ndinasema thupi lake pa mtengo wofewa, ndipo pamwamba pa mtengowo ndinakhomapo zitini mpaka zinatenga maonekedwe.

Ntchitoyo inanditengera masabata asanu, masana okhaokha ndikaweruka ku kapela. Mapiko ndinawaika pamsana, monga analili. Mazenera ndinawawerenga. Chitseko cha kutsogolo ndinachipanga chotseguka, ndipo m'kati ndinalembamo ndi msomali maina a anthu asanu aja. Utoto wotuwa ndinaupeza kwa munthu wina wopenta ngolo ku msika wa ku Fingoe. Pomaliza ndinaikhomera pa thabwa kuti iime bwino. Kunena zoona, ndinanyada nayo.

Lamulungu lina, mapemphero atatha, ndinaiika pa benchi pansi pa mtengo. Anthu anaunjikana. Ena anaseka, ena anagwedeza mitu ndi kuyamikira luso. Mayi wina anafunsa ngati ndingamupangire ketulo yosalala chomwecho. Amisiri anabwera pomalizira, anaizungulira kamodzi manja ali kumbuyo.

"Mwataya zitini zabwino, a mekaniku. Zikanatuluka nyale zingati apa?"

"Ndi iyi imene mlamu wanga ankaulukamo, amisiri. Kodi ndi imene munaiona?"

"Ndege ndi ndege," anatero. "Ine chinthu chonga ichi sindinachionepo. Mwina ndi iyo, mwina si iyo."

Ndinafunsa ena. Onse anayankha chimodzimodzi: sakuidziwa. Ndinainyamula kubwerera nayo kunyumba ikundilemera ngati mwala. Kunali kutatsala masabata awiri kuti tsiku la mizimu lifike.

Ine ndi apongozi sitinkayang'anana polankhula, monga mwa ulemu wa kwathu. Iwo ankakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, mawu n'kumazungulira. Madzulo amenewo dzuwa lisanalowe ndinamva akutsokomola kuseriko, chizindikiro chakuti ali ndi mawu.

"Bambo, mwatopa."

"Ndatopa, amayi. Ndalephera."

"Simunalephere. Kungoti inu ndege mumaidziwa ngati ng'ombe ya m'khola mwanu, mumaiona chammbali. Ife sitinaionepo itaima. Ife tinkagona m'mizere ya chimanga, iyo n'kumadutsa pamwamba. Timaidziwa kumimba."

Ndinaitembenuza ndegeyo. Kumimba kwake kunalibe kanthu. Kunali chitini chosapenta, zilembo za mafuta ophikira zikuoneka, ndi misomali iwiri yolowa m'thabwa. Mbali yokhayo imene anthu a m'mudzimo ankaidziwa ndi imene ine ndinaibisa. Ndinaseka ndekha mpaka apongozi anafunsa ngati ndili bwino.

Mimba ya ndege ndinkaidziwa kuposa nkhope yanga, poti ndinakhala zaka ndikugona chagada pansi pake, mafuta akundidonthera m'maso. Ndinazula thabwa lija. Ndinaumba mimba yonenepa yotuwirako, ndi chitseko chachikulu cha kumchira chimene matumba ankalowerapo. Pansi pa motori aliyense ndinaikapo timakomo tobisa magudumu. Zopukusa mphepo ziwiri za kutsogolo kwa mamotoriwo ndinazipanganso, zopyapyala, pa masipoko opaka mafuta, kuti kamphepo kakawomba zizizungulira. Pamsana ndinabowola timabowo titatu tomangapo ulusi wa mbedza.

Kapela inali itakwera mitengo ya denga koma udzu unali usanafoleredwe. Loweruka m'mawa ndinapempha akatekisita chilolezo. Anakanda mutu nati, "Ndege m'nyumba ya Mulungu?" Ndinati ya tsiku limodzi lokha. Ndinakwera, ndipo ndinaipachika pa mtengo wa pakati penipeni, kumwamba kuli mbee kumbuyo kwake.

Amayi obwera ndi mitolo ya udzu ndiwo anayamba kuiona. Mmodzi anaponya mtolo pansi nagwira pamtima. Phokoso linazima. Amisiri analowa atanyamula chingwe chawo choyezera, anayang'ana kumwamba, naima. Kenaka anaika chingwecho pansi, anavula chipewa, ndi kugona chagada pa dothi, munthu wamkulu wa imvi, pamaso pa akazi ndi apongozi awo omwe. Palibe anaseka. Mphepo inadutsa m'mitengo ya denga ndipo zopukusa zija zinayamba kuzungulira.

Amisiri anandiitana ali chigonere.

"A mekaniku."

"Wawa, amisiri."

"Mapikowa ali owongoka chonchi? Simunawawongole dala?"

"Ali choncho. Ngati mikono ya munthu wotambasula."

"Ndi zozungulirazi, zonse ziwiri?"

"Popanda zimenezo siuluka."

"Ija inalibe zimenezi," anatero pang'onopang'ono. "Ija inali yowonda, mapiko obwerera kumbuyo ngati namzeze, kumphuno kuli dzenje. Inkadutsa kaye, phokoso n'kumabwera pambuyo. Ndinaiona kawiri, popita ndi pobwerera. Si iyi."

Mayi woponya mtolo uja anati, "Iyitu ndi ija yaulesi, yodutsa m'mwamba kwambiri ikung'ung'udza ngati bambo a kwathu akakhuta." Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene mpweya wabwerera m'chifuwa. Ena anavomereza kuti inde, yaulesi ija ankaidziwa, ndipo sinawaponyerepo kanthu.

Amisiri anadzuka nakhala tsonga. Anandiyang'ana m'maso.

"Ndikufunsani pamalo oyera. M'mimba umu munkalowa chimanga chokha?"

Ndikanatha kuvomera, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali m'kapela, ngakhale yopanda denga.

"Iyayi. Munkalowa chimanga, mankhwala ndi ovulala. Munkalowanso asilikali ndi mabokosi a zipolopolo. Ndinakwezako ndi manja angawa. Za zimenezo tidzayankha kwa Mwini wake, ine ndi mlamuyo. Koma amene anaponya moto pa ana anu si mlamu wanga. Amene anali m'ndege ijayo sindimudziwa, ndipo sindingatchule munthu amene sindinamuone."

Amisiri anatola chipewa chawo, nachikuntha pa bondo.

"Mukanati chimanga chokha, ndikanadziwa kuti ndi zina zonse mwanama." Anayang'ananso kumwamba. "Pakamwa pa mlamu wanuyo mpamene panali poipa. Ana samawalonjeza zinthu zotero."

"Zoona, amisiri. Akanakhala moyo bwenzi atagwada pakhomo panu."

"Akatekisita," anaitana, "lembani dzina lija. Mtanda wake ndipanga ine. A mekaniku awa angaupange wa zitini."

Kuseka kwa ulendo uno kunamveka mpaka kumsewu. Amayi anayamba nthungululu. Ndinayang'ana pakhomo ndipo ndinaona apongozi ataima, atafunda nsalu kumutu, akuyang'ana kumwamba. Aka kanali koyamba kuchizindikira chinthu chimene mwana wawo ankayendamo.

Pa tsiku la mizimu mitanda inali yambiri, mizere itatu. Wa mlamu wanga unali wa mtengo wa mlombwa, wopalidwa bwino kuposa ina, ndipo amisiri anauzika okha pafupi ndi wa mlongo wake, mkazi wanga uja. Timitanda tiwiri ta ana a amisiri aja tinali mumzere womwewo. Akatekisita atafika pa dzina lake sanathamange, sanatsitsenso mawu. Mpingo wonse unayankha pemphero la mpumulo wosatha monga unayankhira pa ena onse. Apongozi anali kutsogolo, pakati pa amayi anzawo, mumthunzi. Ine ndinatchula chamumtima maina a anzake anayi aja, poti kwawo sindikudziwa ngati alipo anawaikira mtanda.

M'miyezi yotsatira ndinapanganso ndege zina ziwiri, za anzathu ena a eskwadra amene sanabwerere, iliyonse ndi maina ake m'kati. Zonse ndinayambira kumimba. Zili lende m'nyumba mwanga pa ulusi, ndipo mlendo akalowa amayamba wakweza mutu.

Ya mlamu wanga yokha siili kwa ine. Tsiku la mizimu litapita ndinapita pakhonde kukakumbutsa za kusudzulana, poti denga ndinali nditamaliza kalekale. Mawu anachokera kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, ndege ija mukaipachike m'nyumba mwanga, pamwamba pa mphasa. Ndizimuona mwana wanga ndikagona."

"Ndamva, amayi. Nanga za ulendo wanga wa ku Chipera?"

"Ulusiwo ukadzaduka adzaukonza ndani? Malo a nyumba alipo, kumtunda kwa mtengo wa masau. Amisiri ati njerwa zotsala ku kapela akupatsani."

Ndinaipachika tsiku lomwelo. Ndinaisiya motsika ndithu, poti maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo ndinaitembenuza kuti mphuno yake iloze pakhomo, kumene kumalowera mphepo.