Ndinadwalira boti

Chaka chimene wailesi inkangolira za mkangano wa nyanja, mkulu wa nkhondo pabawo pa Golomoti ndinali ine. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu ndili nawo, ndikayankhula pamsika amamva ali kunjanji. Ndinkati, "Atsidya lija ali ndi chiyani? Mfuti zawo n'zomanga ndi mphira! Ndege yathu ikadutsa pa Mtakataka nkhuku zimasiya kuikira." Umboni wanga unali phokoso. Cholira kwambiri ndicho champhamvu, basi.

Mwana wanga wachisamba anali msilikali wa m'maboti. Tsiku lina anaimba pafoni ya mayi ake, akunong'ona.

"Bambo, akutitumiza kumpoto. Boti lathu injini imazima pakati pa madzi, timachita kupalasa."

"Nanga a atsidya lija?"

"Akuti awo amathamanga ngati mphezi. Palibe anawaonapo. Dwalani, bambo. Mudwale kwambiri kuti andipatse tchuthi."

Ndinagona pamphasa, akazi anga n'kufalitsa kuti ndatha. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ndende si ya waya yokha. Anthu odzazonda sankatha pakhomo. Ine wodya nyama ankandimwetsa phala lamadzi ndi supuni. Kutuluka ayi, kutsokomola mwamphamvu ayi. Anzanga apabawo anakhala mondizungulira n'kumanditonthoza ndi mawu anga omwe.

"Limbani mtima, achimwene, mnyamata wanu ali pabwino. Si munati boti lawo silingalowe chipolopolo?"

Wina, amene ndinkamudya nsomo tsiku lililonse, anati atsidya lija ali ndi mabomba oyenda pansi pa madzi. Bodza loyera! Khosi linandiyabwa, koma akazi anga ananditsina chala chakuphazi, ndinangobuula.

Tchuthi sichinkatuluka. Akuluakulu a mwana wanga anati matenda wamba sakwanira. Ndiye amphakati akutchalitchi kwathu anakaitana bambo mfumu ku Mua kuti adzandidzoze mafuta a odwala. Nditamva njinga yamoto panja, ndinafuna kudzuka ndithawire m'chimanga. Kunamiza anthu n'kwina, koma mafuta oyera? Ndinaganiza za mwana akupalasa chitsulo pakati pa nyanja, ndinatseka maso, ndinapereka chipumi.

Uthenga wa mafutawo ndi umene unamumasula. Analowa atavala yunifomu, n'kugwada pambali pa mphasa.

"Anzanga anyamuka dzulo," anatero.

Ndinafuna kukuwa kuti mudzi wonse umve. M'nyumba munali anthu, ndinangomugwira dzanja.