Nsapato Zakumanzere za ku Romford

Ndikukumbukira fungo la polishi litasakanikirana ndi la mowa wotayikira pansi. Ndilo fungo la sabata yathu yoyamba ku Romford. Bambo anali khukhi wa mzungu wina, a Wilikisi, kumaesiteti a tiyi ku Thyolo. Mzunguyo atabwerera kwawo anagula pabu yakalekale pafupi ndi msika, n'kutitenga ife awiri, poti amayi anali atamwalira. Tinkagona m'kachipinda kapamwamba. Sukulu ndinayamba mochedwa. Kalasi yanga yoyamba inali pansi pa matebulo a zidakwa.

Pakhoma, pamwamba pa malo osonkhapo moto, panali patakhomedwa nsapato, zonse zakumanzere. Mwini pabu aliyense akamachoka, kaya ndi miyendo yake kaya m'bokosi, ankasiya imodzi. Makasitomala ankazidziwa ngati abale awo. Ina inali ya mkulu amene ankaweta tsekwe kuseri kwa kauntala. Ina ya mayi amene ankathira madzi mu mowa, kenako n'kumatamanda anthu ake kuti saledzera. Jombo yaikulu yapakati inali ya mwini woyamba, chigawenga chimene akuti chinkalanda apaulendo chili pa hatchi. Fumbi la nsapatozo silinkakhudzidwa. Ankati likachoka, mwayi wa nyumbayo uchokanso. Koma ife palibe anatiuza.

Bambo anakulira m'nyumba za azungu, momwe nsapato yafumbi inkachotsetsa munthu ntchito. Loweruka m'mawa anazula misomali, ine ndikulandira. Tinatsuka, tinapaka, tinapukuta mpaka ndinkadziona nkhope. Ina yong'ambika anaisokeratu.

Masana anthu atalowa, maso onse anathamangira pa nsapato zowalazo. Kenako chiphokoso. A Wilikisi anafiira ngati tomato, n'kunena kuti sitima yopita ku Africa ikadalipo. Koma ife kwathu tinalibe ngakhale khumbi loti tikafikiremo. Bambo anangoima chilili, manja kumbuyo, burashi ili m'thumba.

"Pepani, bwana," anatero. "Koma zinzake zakumanja zili kuti? Ndipukutiretu."

Pamenepo panadzuka a Tedi, nkhalamba yogulitsa nsomba pamsika, imene inkalumbira kuti agogo ake anachiona ndi maso chigawenga chija. Anainyamula jombo ija, kuitembenuza, kuinunkhiza. Anakhala pansi, anavula nsapato yawo, n'kuvala jomboyo. Inawakwana ndendende.

"Ndi yanga iyi!" anakuwa. "Inasowa tsiku la ukwati wanga! Mpaka lero mkazi wanga amati ndinaisiya kwa chibwenzi!"

Anatuluka akutsimphina, phazi lina kuwala lina kuda, kukamuonetsa mkaziyo. Anthu anaseka mpaka kugwira matebulo. A Wilikisi anayesa kulimbitsa nkhope, zinakanika. Za sitima sanazitchulenso.

Eni pabu anasinthasintha pambuyo pake, ndipo aliyense ankawapeza bambo pomwepo ngati kauntala. Bambo atamwalira, mwini womaliza anakhoma nsapato yawo yakumanzere pampata umene jombo ija inasiya, ngakhale sanakhalepo mwini wa chilichonse.

Lero pamalopo amagulitsa nkhuku yokazinga, khoma lija analimata matailosi. Tsiku lina ndinatsika basi kukafunsa za nsapato. Mnyamata wa pakauntala anandiyang'ana kumapazi, n'kundiuza kuti ndavala kale. Sindinalimbane naye. Masiku ano tulo sindilipeza bwino, koma Loweruka lililonse ndimatulutsa yakumanja ya bambo, n'kuipukuta, kuti inzake ikadzapezeka isadzaipeze ili ndi fumbi.