Mwana wa Eni Anandidyera Chingerezi Changa

Ndinatuluka m'nyumba ku Chinsapo sikisi koloko isanakwane, nditavala bulauzi yoyera yobwereka kwa mlamu wanga. Ulendo unali wa ku Nsungwi, kusukulu ina ya mkaka kumene ankafuna mayi wosamalira ana. Ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, chifukwa bambo a kunyumba anali atatha miyezi isanu ali pakhomo. Vuto linali limodzi: mafunso anati adzakhala a m'Chingerezi, pomwe ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Mawu ndimawadziwa ndithu, koma za dzulo, za lero ndi za mawa zimandisakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Choncho ndinalemba matensi onse papepala limodzi, "go, went, gone" mpaka pansi, n'kumaliloweza milungu iwiri yathunthu.

Pa siteji ndinapeza minibasi yatsala pang'ono kudzaza. "Wani faifi tauni! Anayianayi pampando, amayi, sunthani!" anakuwa kondakitala. Pambali panga panadzakhala mayi wina ali ndi beseni la tomato pamiyendo ndi khanda m'manja.

"Amayi, tandigwirirankoni uyu," anatero.

Unganene chiyani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinamulandira, pepala langa lili kudzanja lomwelo.

Titayandikira mlatho wa Lilongwe magalimoto anathithikana, ndipo ine ndinatsinzina n'kumabwereza matensi anga chamumtima. Mwanayo anali phee, ine n'kumamuyamikira kuti ngwaulemu. Ndinadzatsegula maso tikulowa m'depoti cha m'ma seveni. Theka la pepala linali m'kamwa mwake, theka linalo litasanduka phala, ndipo malovu osakanikirana ndi inki anali atayenderera pachifuwa pa bulauzi ya eni ake.

"Pepani amayi, akumera mano," anatero mayi uja, n'kutenga mwana wake, n'kusenza tomato wake.

Ndinakwera minibasi ya ku Eriya 25, komwe kuli Nsungwi, ya thuu sauzande misozi ili m'maso. Nthochi ziwiri zimene ndinagula pawindo zinandikanika kudya. Bambo wina wachikulire wovala jekete, amene ndinakhala naye pampando, anandiyang'ana n'kufunsa, "Kwagwanji, amayi? Ndi maliro?"

Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. Anati anaphunzitsa pulayimale ku Ntcheu mpaka kupuma.

"Pepalalo mukanalowa nalo mu ofesi? Tandiuzani m'Chizungu zonse zimene zachitika chidzukireni."

"Muno? Pagulu?"

"Muno momwe."

Ndinayamba: "I wake up at five."

"Mukudzuka panopa, mu minibasi muno?"

Anthu anaseka, ine manyazi mpaka kumapazi. "I woke up," ndinakonza. Ndinapitiriza choncho, kugwa n'kudzuka. Pofika ku Eriya 18 ndinali nditafika pa khanda lija, ndipo ngakhale kondakitala anasiya kuitanira anthu kuti amve mathero ake. Bambo aja anandibwerezetsa kawiri nkhani yonse. Potsika ku Gulliver anangoti, "Mukalankhule zanu zomwe, osati za papepala."

Ndinafika ku Nsungwi hafu pasiti eyiti. Ndinayesa kutsuka banga lija pampopi wa pasukulupo, koma linangofalikira. Ndinalowa mu ofesi nditaphimba pachifuwa ndi kachikwama. Ahedi, mayi wa magalasi wosaseka, anandiuza kuti ndiike kachikwamako pansi. Anayang'ana bangalo, n'kufunsa funso lawo loyamba: "What happened to your blouse?"

Abale, mtima wanga unakhala pansi nthawi yomweyo. Funso limeneli ndinali nditaliyankha kale katatu mumsewu! Ndinafotokoza zonse kuyambira pa siteji ya ku Chinsapo. Ndinaphonya apo ndi apo, koma za dzulo sizinasakanikirane ndi za mawa. Nditafika pa pepala lodyedwa, ahedi anavula magalasi n'kuseka.

"Ndiye mwanayo munam'tani?" anafunsa m'Chichewa.

"Ndinam'chotsa mapepala m'kamwa kuti asatsamwe, basi."

"Simunam'kalipire?"

"Khanda, amayi? Likudziwa chiyani?"

Analemba kenakake, n'kunena kuti ndidzayambe Lolemba.

Pobwerera ndinadya nthochi zanga zonse ziwiri minibasi isananyamuke, thupi lili lopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Chingerezi chimene ndinasunga papepala chinathera m'kamwa mwa khanda, koma chimene ndinachitira manyazi pagulu n'chimene chinandilembetsa ntchito. Bulauziyo banga silinachoke mpaka lero. Mlamu wanga anandipatsiratu, ndipo ndimaivala Lolemba lililonse.