Madzi Amene Ankavuta Bambo

Bambo anga sankatchula chinthu ndi dzina lake ngati chili kumunsi kwa lamba. Kampani yawo itagulitsidwa, nthawi ija zipani zitangochuluka, anawachotsa ntchito, ndipo ankangokhala pakhomo ku Kabwata. Ine ndinkaphunzitsa ana ku Woodlands, Loweruka lililonse ndinkapita kukawaona.

Tsiku lina amayi ali kumsika, bambo anandiitanira pakhonde. "Mwana wanga, manzi yanivuta masiku yano."

Ku Kabwata ndani amene madzi sankamuvuta? Mpopi unkangolira mphepo. Ndinatukwana a khonsolo, Loweruka lotsatira n'kufika ndi zigubu ziwiri pa minibasi, kondakitala akundinyoza njira yonse. Bambo anaziyang'ana zigubuzo, anati zikomo. Ndinazinyamula miyezi inayi yathunthu, ndikudzitama kuti ndine mwana wosamala makolo. Uchitsiru umenewo umandiwotchabe mumtima.

Amayi ndi amene anandiululira. "Iwe, manzi yamene bakamba atate ako si ya pa pompi. Bakangiwa kutaya manzi." Ndiye kuti mkodzo unkakana kutuluka. Iwo ankayesa kuti bambo anandiuza ine wophunzira, bambo ankayesa kuti ndinamva ndipo ndikufunafuna dokotala.

Kuchipatala anayeza magazi, nati chizindikiro chimene chimakwera mwa amuna odwala khansa ya pulositeti chili pansi. Tinasangalala, amayi mpaka anapha nkhuku. Koma msana unayamba kuwawa, thalauza n'kumawakulira. Ndinayamba kuopa telefoni ya kusukulu: ikalira mu ofesi ya ahedi, choko chinkandigwa m'manja. Kenaka madokotala anadula kanyama kuti akakaone bwino, n'kutiuza tsiku lobwerera.

Tinapita awiri, ine ndi bambo. Dokotala anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula Chingelezi mofulumira, ndipo ankayang'ana ine. Anati pulositeti ndi kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo. Khansa yake mwa ambiri imayenda pang'onopang'ono, munthu n'kukalamba nayo. Koma ya bambo inali ya mtundu wosowa, wa timaselo ting'onoting'ono. Siionekera m'magazi, imathamanga, ndipo jakisoni amene amathandiza amuna ena iyo siimumva kwenikweni. Inali itafika kale m'mafupa ndi m'chiwindi.

"Nanga mankhwala?" ndinafunsa.

Anati alipo a m'dilipi, amphamvu, osanzitsa ndi kuthothola tsitsi. Chotupa chimatha kuphwa kwa kanthawi, ululu n'kuchepa, koma kawirikawiri chimabweranso. "Tiziwerenga miyezi, osati zaka," anatero.

Ndinafunsa chimene chinkandidya: "Tikanabwera msanga, osataya miyezi inayi ija?"

Dokotala anati: "Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa. Mtundu uwu nthawi zambiri timaupeza utafalikira kale."

Ndinkafuna anene kuti ayi, sizikanasintha kanthu. Sananene. Nthawi yonseyi bambo anali atagwira chipewa pa bondo, akuwerenga kalendala ya pakhoma ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Tinatuluka. Kunja kunali dzuwa la Okutobala, azimayi akugulitsa nthochi pageti, moyo ukuyenda ngati palibe chachitika. Ndinkaopa funso lawo kuposa matendawo. Mwana wamkazi amawauza bwanji bambo ake kuti mvula ya chaka chamawa mwina sadzaiona? Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pokwerera minibasi, iwo akupuma pa mtengo uliwonse.

"Bakamba chani ba dokota?" anafunsa tili pamthunzi.

Ndinayankha kuti: "Bakuti kuli mankwala yamphamvu, atate. Muzankala bwino."

"Ndiye vamene bakamba?"

"Ndiye vamene."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pa nsapato zawo. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa za Kabwata, koma bambo sanasunthe.

"Nasebenza na bazungu kuchokela ukalibe kubadwa," anatero motsitsa mawu, akunena za zaka zawo za pantchito. "Chizungu nimvela, na miyezi namvela. Nenze kufuna chabe nione ngati ungakwanise kunama bwino." Anavala chipewa. "Wakwanisa. Manje tikafika ku nyumba, ukabauze so amai ako, monga waniuzila ine. Ine nikabauza ningalile."