Moto wa mu Mlulu

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Kasenengwa. Kumunsi kwa mudzi kunali dambo, ndipo pakati pake panamera mlulu wothithikana, wosalala, wofika m'chiuno. Azimayi ankaudula n'kumangira masamba a repu opita kumsika ku Chipata. M'kati mwa mluluwo munali chitsime chathu. Madzi ake anali ozizira, a kafungo ka dothi, ndipo sankaphwa ngakhale mu Okutobala.

Ine ndinali wankhuli. Tsiku lina masana ndinaba machesi, n'kukayatsa udzu wa m'mphepete mwa dambo kuti ndione mauna a mbewa. Mphepo inatembenuka, moto unalowa mu mlulu uli thethethe, ine n'kuliyatsa liwiro. Nditabwerera moto utazima, pa zonsezo ndinangopezapo mbewa ziwiri.

Patapita masabata, msipu unaphuka palupsa. Ng'ombe, zimene kale sizinkalowa m'malo othithikanawo, zinatsikira konko. Zinapondaponda mpaka chitsime chinasanduka chithaphwi cha ndowe.

Amama anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, atate ali kuganyu kumafamu a fodya. Madzi tsopano anali kumjigo wa mudzi wina, kuseri kwa phiri, ndipo Amama ankapita kawiri pa tsiku. Ndinkawaona mapazi atatupa, koma ndinkadziuza kuti kutunga madzi ndi kwa akazi. Manyazi atandikulira, ndinatola chigubu.

"Amama, nikuthandizeniko?"

"Machesi aja n'nayapeza mu kabudula wako, Mabvuto," anatero osandiyang'ana. "Nyamula, tiye."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Mwana anabadwa masiku asanakwane, ndipo anangokhala ndi moyo tsiku limodzi. Anakamuika azimayi okhaokha, mwakachetechete, monga mwa mwambo. Anali wamkazi. Anamwino anati zotere zimachitika, ndipo palibe anandiloza chala.

Lero ndikudziwa kuti mlulu uja ndiwo unali mpanda wa chitsime, ngakhale palibe anaudzala. Ndikudziwanso kuti moto ukazima, zimene wayambitsa sizizima nawo. Chimene sindidziwa n'chakuti mlongo wanga akanakhala moyo kapena ayi, madzi akanakhala pafupi. Amama anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo tinkacheza bwino, koma mpaka anamwalira sindinawafunse. Ndinkaopa kuti andiyankha zoona.