Wochapa Zovala Amene Anagula Masheya Kawiri

Anagogoda geti ndi mwala chifukwa dzanja silinkamveka. Mlonda anasuzumira pa kabowo n'kupukusa mutu.

"Mayi, ntchito kulibe. Kampani yatsekedwa, makina atenga a banki."

"Sindikufuna ntchito ine," anatero mayiyo akutulutsa pepala m'chikwama. "Ndine mmodzi wa eni ake. Onani, ndili ndi masheya muno."

"Eni ake mulipo ambiri, mayi. Dzulo ena anakomokera pomwe mwaimapo. Khalani pansi ndikupatseni madzi."

Sanakhale. Anapinda pepala lake n'kuyamba ulendo wobwerera wapansi, ndalama ya basi ili m'manja, ataiwala kuti ali nayo.

Anthu ankamutcha Anasopo, chifukwa ankachapa ndi kusita zovala za anthu, pamene mwamuna wake anagwira ntchito pa kampani yopanga sopoyo kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku limene mtima wake unaima. Bamboyo atamwalira, kampani inapereka ndalama zake za pantchito. Anzake a malemuwo anauza mayiyo kuti kampani ikugulitsa masheya, timagawo ta umwini, ndipo ikapindula nayenso azilandira. Sanafunse kanthu. Anaikamo zonse. Ankati malo amene anadya mphamvu za mwamuna wake sangamuchite chipongwe. Chinali chikondi chimenecho, koma chikondi sichikuuza ngati kampani ikudwala.

Kunyumba, ya lendi ya zipinda ziwiri, kunali mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana wamkulu kale. Miyendo yake inafa atadwala ali wamng'ono, ndipo ankayenda pa njinga ya olumala. Ankamutcha Wailesi, chifukwa wailesi sinkazima pambali pake, ndipo mabatire akatha ankapitiriza yekha.

"Takulandirani, eni kampani! Atigawira zingati?"

"Atseka."

 Wailesi anatambasula manja.

"Bwerani kuno, amayi. Tsamirani pa miyendoyi mulire. Simva kulemera iyi."

Anasopo anagwada, n'kulira mpaka siketi ya mwana wake inanyowa.

Lamlungu kunabwera alamu ake, akulu ake a malemu. Anali munthu wabwino ndithu, anabwera ndi shuga.

"Mlamu, musadandaule," anatero. "Inu mukadzafooka, mwanayu ndi wathu. Tizidzalandirana. Miyezi ina kwathu, ina kwa azakhali ake, ina kwa ang'ono anga."

Ankalankhula akuyang'ana mayiyo, ngati mwiniwake wa nkhani sali pomwepo. Atapita, Wailesi anaseka.

"Mwamva, amayi? Ndidzakhala wilibala ya anthu onse. Lero kwa uyu, mawa kwa uyo, tayala likaphwa n'kundisiya kuseri kwa nyumba."

Kuseka kunatha msanga.

"Ine ndikufuna kudzakhala pakhomo panga, amayi. Chitseko ndizitseka ndekha ndikafuna."

Mawu amenewo ndi amene anadzutsa Anasopo. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa zochapa. Ankaviika m'mawa, kuchapa dzuwa lisanakwere, madzulo n'kumasita ndi simbi ya makala. Zala zinang'ambika ndi sopo. Kotsala kalikonse ankakaponya m'chitini cha penti pansi pa bedi. Za mapepala sankafunanso kumva.

Patapita zaka ziwiri matayala a njinga ija anatha. Anatsegula chitini monyadira n'kupita kusitolo, koma anabwerako ndi tayala limodzi. Mitengo inali itakwera. Palibe anaba, ndalama zinalipo zonse, kungoti zinali zitaonda.

"M'chitinimo ndalama sizigona, amayi, zimasungunuka," anatero Wailesi madzulo ake. "Pa wailesi pali pulogalamu ina ya za masheya..."

"Usanditchulirenso mawu amenewo m'nyumba muno!"

"Chabwino, ndasiya. Ndingofunsa zina. Bwanji osangochapira adokotala okha, poti ndi amene amalipira bwino?"

"Ndapenga ine? Akawasamutsa tidya chiyani?"

"Ndiye mumachapira nyumba zambiri."

"Nanga!"

"Nanga ndalama za ababa munazitumiza kukagwira ntchito kunyumba zingati?"

Anasopo anasita kolala imodzi mpaka inayamba kununkha.

Sabata yotsatira anakankha njinga ya mwana wake mpaka m'tauni, ku ofesi ya anthu ogulira anzawo masheya. Ofesiyo inali pamwamba, pokwera pake masitepe okhaokha.

"Waona? Ngakhale Mulungu wakana," anatero Anasopo akutembenuza njinga.

"Mulungu sanamange masitepe awa. Achimwene!" Wailesi anakuwira mlonda. "Kawauzeni kuti kuno kuli makasitomala awiri, wina ali kale pampando."

Kunatsika mayi wamagalasi atanyamula mipando iwiri yapulasitiki, n'kukhala nawo pakhonde. Asanayambe, Wailesi anati, "Pepani mayi, tione kaye chiphaso chanu cha boma." Mayiyo anamwetulira, n'kukweranso masitepe onse aja kukachitenga.

"Mwachita bwino kufunsa," anatero atabwerera, akupuma wefuwefu. "Tsopano, masheya mukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa ngati mmene munthu amadziwira galu amene anamuluma," anayankha Anasopo.

"Pepani. Sheya ndi umwini. Kampani ikakula mumakula nayo, ikagwa mumagwa nayo, ndipo ikatsekedwa eni ake ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere. Koma palinso mabondi. Bondi ndiye kuti inuyo mukubwereketsa boma kapena kampani ndalama. Mumagwirizana chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza. Phindu lake silichuluka, koma mumadziwiratu chimene mukudikira."

"Ine kubwereketsa boma? Ndi beseni langali?"

"Boma silifunsa beseni, amayi," anatero Wailesi.

"Ndiye pali thumba losonkherana," anapitiriza mayi wamagalasi. "Anthu ambiri amaponyamo pang'onopang'ono. Ife timatenga ndalamazo n'kugula masheya a makampani ambirimbiri, a simenti, a mafoni, mabanki. Ina ikatsekedwa, zinazo zimakunyamulani. Timadulapo kangachepe ka ntchito yathu, ndipo muzifunsa nthawi zonse kuti tikudula zingati."

"Ndiye kumeneko sindingaluze?"

"Mungaluze. Mitengo imakwera, imatsika. Wina akadzakuuzani kuti simungaluze, muthaweni. N'chifukwa chake musaikemo ya lendi kapena ya mankhwala. Muikemo imene simuifuna kwa zaka zingapo."



"Ndinu woyamba kundiuza kuti ndingaluze," anatero Anasopo. "Bweretsani cholembera."

Zotsatira zake n'zosakoma kufotokoza, ndipo sinditaya nazo nthawi. Mwezi ukatha ankagawa: ya lendi ndi chakudya, ina kubanki yodikira matenda, ina ku mabondi, yotsala kuthumba. Mwezi wina inkakhala yochepa zochititsa manyazi, koma ankapita nayobe. Phindu likabwera sankalitenga, ankalisiya kuti nalonso libereke. Wailesi anayamba kusoka mabatani ndi kupinda mathalauza a makasitomala a mayi ake, nayenso n'kumaponyamo yake. Anzawo ankagula makatani atsopano, iwo ankachapa akale omwewo. Zinatero zaka ndi zaka.

Kenako kunabwera chaka choipa. Mitengo ya masheya inagwa paliponse. Anasopo anamva nkhaniyo pa wailesi ya mwana wake yomweyo, akufinya shati. Anasiya shatiyo m'madzi, n'kuvala nsapato manja ali thovu lokhalokha.

Pachitseko anapeza njinga itapingasa, mabuleki atamangidwa.

"Choka."

"Sindichoka. Mundinyamule."

"Zachitikanso, mwanawe! Ndikukatenga zotsalazo zisanathe!"

"Amayi, foni yanu ikugwira?"

"Usandichedwetse!"

"Ikugwira. Simenti akugulitsabe, banki yatsegula m'mawa uno. Makampani alipo, chatsika ndi mtengo. Mukakagulitsa lero, ndiye kuti mwaluzadi."

"Nanga ikapanda kukweranso?"

"Sindikudziwa, amayi. Palibe akudziwa. Koma ya lendi ilipo, ya mankhwala ilipo, mabondi akutipatsa monga kale. Palibe chikutithamangitsa. Tisagulitse tili ndi mantha."

Anasopo anakhala pansi pomwepo, atagwira tayala la njinga.

"Si ndalama ayi," anatero chapansipansi. "Ndikuopa kudzakusiya m'manja mwa anthu."

"Ndikudziwa," anatero Wailesi, akumupukuta thovu m'manja ndi mpendero wa diresi lake. "Vulani nsapato. Shati ya adokotala ikusuluka."

Sizinakwere mawa lake. Chinatha chaka, china n'kuyamba, mitengo idakali pansi. Anasopo ankapitabe mwezi uliwonse atalumitsa mano, ndipo mayi wamagalasi ankatsika ndi mipando yake n'kumuuza zoona, zokoma ndi zowawa zomwe. Anamuuzanso kuti ndalama yomweyo tsopano ikugula magawo ambiri kuposa kale, popeza atsika mtengo. Pang'onopang'ono zinayamba kudzuka, mpaka zinapitirira pamene zinali. Tsitsi litayamba kuyera, Anasopo anasamutsira zambiri ku mabondi, chifukwa munthu wokalamba alibe zaka zodikirira kuti msika uchire.

Tsiku lina akuyanika zovala anagwa, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anagona kuchipatala mpaka madokotala anati angathe kutuluka. Abale anasonkhana mozungulira bedi.

"Mayiwa akufunika owasamalira usana ndi usiku," anatero namwino. "Apita kwa ndani?"

Alamu aja, nawonso atakalamba, anakanda kumutu.

"Vuto ndi limenelo. Poyamba tinkaganiza za mmodzi, tsopano ndi awiri. Mwina tiwagawane, wina kwathu, wina kwa..."

"Apita kwawo," anatero Wailesi. "Ndiwasunga ine."

Namwino anayang'ana njinga, kenako anayang'ana abale.

"Musayang'ane matayala, anamwino, yang'anani ine. Ndapeza kale mayi woti azitisambitsa ndi kutinyamula, ayamba mawa. Malipiro ake azichokera ku chiwongoladzanja cha mabondi. Lendi tizitapa kuthumba pang'onopang'ono, ndipo mabatani ndikusokabe. Bambo aakulu, zikomo chifukwa cha mtima wanu. Muzibwera kudzationa, tiyi muzimupeza."

Pabedi paja Anasopo anayesa kulankhula. Pakamwa panali patapotoka, mawu ankatuluka movutikira. Wailesi anasendeza njinga n'kuika khutu pafupi.

"Zija... ndinkasungira... iwe."

"Ndikudziwa, amayi. Ndiye ndi zanga, ndizigwiritsa ntchito mmene ndikufunira. Khalani chete, mwayamba kulongolola ngati ine."

Mbali imodzi ya nkhope ya mayiyo inaseka. Inayo inangotulutsa msozi.

Anabwerera kunyumba kwawo ya zipinda ziwiri ija. Sanalemere, musamve molakwika. Galimoto alibe, ndipo mwezi wina amachita kufinya. Koma palibe anawagawana. Masana mungawapeze pakhonde, njinga ziwiri zitayandikana, mwana akudyetsa mayi ake ndi supuni, akuwakalipira kuti akutafuna mochedwa.

Tsopano inu amene mukuwerenga. Mayi ameneyu anayamba mochedwa, atataya kale thukuta lonse la mwamuna wake, ndipo anachita kuphunzira ndi misozi. Inu mwamva zaulere. Musaike zonse pa kampani imodzi chifukwa choti mumaikonda. Funsani chiphaso, funsani zimene akudula, ndipo chimene simunachimvetse musasainire. Musandiuze kuti ndalama yanu ndi yochepa, simuposa munthu wa beseni pa kuchepekedwa. Ngati munagwapo kale, lirani tsiku limodzi, lachiwiri muvale nsapato. Pali wina kwanuko amene adzafune chitseko chakechake. Chonde, muchitireni bwino kuposa mmene anachitira Anasopo: yambani mwezi uno, manja akadali ndi mphamvu.