Mango Oundana a Malume

Malume anga anagwira ntchito pazenera logawira mankhwala kuchipatala zaka makumi atatu, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti a Katatupatsiku. Mowa sankaukonda. Ankati chinthu chimene pabotolo pake sanalembepo mlingo wa kamwedwe n'chosadalirika.

Tsiku lotsanzikana nawo kuntchito, anzawo anawatengera kuhotela, ndipo wina anawagulira tambula ya chakumwa chachikasu, cholimba ngati phala, chozizira mpaka mano kuchita dzanzi. Atalawa, anaitana woperekera zakumwa.

"Mwaikamo chiyani umu, achimwene?"

"Mango oundana, mowa wa ramu, ndimu ndi shuga pang'ono, bambo."

Malume analemba zonsezo kuseri kwa kalata yawo yopumira pantchito.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mango wobala mopanda manyazi, ndipo m'kabati munali makina ogayira zipatso amene mwana wawo wamkazi anasiya pokwatiwa. Lachisanu anathyola mango asanu n'kuwaponya m'firiji, mbali youndanitsa ija, osasenda, osachotsa nthangala. Loweruka masana anawatulutsa ali gwa ngati miyala, anawaika m'makina, nathira ramu, n'kudina batani.

Makinawo analira ngati chigayo chameza nyundo. Anayamba kuyenda okha pathebulo, chivundikiro chinauluka, ndipo bango limodzi linakagunda wotchi ya pakhoma. Akazi awo anathamanga kuchokera kochapa, thovu lili m'manja.

"Abambo, mwapuma pantchito kapena mwapuma pa nzeru?"

"Ndi kafukufuku, amayi."

Akazi awowo ndi amene anawaphunzitsa, uku akukolopa: kusenda kaye, kudula tizidutswa, kuyala pambale, kenako kuundanitsa. Malume anamvera ngati mwana wa sukulu. Sabata yotsatira anayeza ramu ndi kakapu ka mankhwala a chifuwa, madzi a ndimu anawakoka ndi sirinji yopanda singano, shuga masupuni awiri osasefukira. Makina anang'ung'udza mwaulemu, ndipo chinatuluka chakumwa chosalala, chachikasu, supuni kuima yokha pakati.

Chimwemwe chinawapitirira. Anameza katatu motsatizana, osapuma.

Pompo mutu unawagwira pakati pa maso ngati wina akukhoma msomali. Munthu amene waona odwala sitiroko zaka makumi atatu safunsa kawiri. Anatsetsereka pampando, nagona chagada pasimenti.

"Amayi, ndikupita! Itanani anamwino!"

Akazi awo anakuwira namwino wa nyumba yoyandikana kudzera pawindo, n'kugwada pambali pawo.

"Ndisanapite, mundikhululukire," anatero malume, atatsinzina. "Diresi lanu lobiriwira lija, la paukwati wa mwana wathu, silinadyedwe ndi makoswe. Ndinaliwotcha ndine ndi simbi. Mabowo enawo ndinaboola ndi lumo kuti zioneke ngati mano."

Atangomaliza kuulula, mutu uja unasiya. Unangosiyiratu, ngati sunayambe wapwetekapo. Malume anatsegula diso limodzi, naona nkhope ya akazi awo, n'kulitsekanso.

Namwino analowa ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Anawayeza, anawauza kuti amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule tsiku. Zonse zinali bwino. Ataona tambula pathebulo, anafunsa chimene chinalimo, analawa, analawanso, kenako anameza kwambiri n'kugwira pachipumi.

"Mayo! Ndi chimenechi? A Katatupatsiku, uku n'kuzizira chabe. Dzukani, mukudetsa malaya. Chimafuna kumwa pang'onopang'ono."

Malume anadzuka mwakachetechete, nakhala pampando ngati mlendo. Akazi awo sanakalipe. Anatenga tambula yoyera, anaidzaza mpaka pakamwa, n'kuikankhira patsogolo pawo.

"Imwani, abambo. Mezani msangamsanga ngati poyamba paja. Makoswe ndinawatchera misampha chaka chathunthu. Ndikufuna ndimve zina zimene zatsala."

Namwino anaseka mpaka kukhala pansi. Malume anapempha kasupuni ka tiyi, ndipo tambula imeneyo inawatengera ola lathunthu.

Lolemba m'mawa anaoneka kwa telala, atanyamula nsalu yobiriwira mamita anayi, akazi awo ali pambuyo kusankha sitayilo.